Chilembo ř chandizunza ku Brno, ku Bratislava andimva kamodzi

Sabata yatha ndinaperekeza agogo ena amene ndimawasamalira kuno ku Brno, mzinda wa m'dziko la Atcheki, kukaonana ndi dokotala. Manja awo amanjenjemera akamanyamula kapu ya tiyi, moti theka limathera pa malaya. Matendawa Angerezi amati tremor, Atcheki amati třes. Mawu a Chitchekiwa ndinawatchula katatu pamalo olandirira odwala, mayi wa pamenepo akungondiyang'ana. Ndinachita kuwalemba papepala. Zinandiwawa zedi, chifukwa agogowo anali chiimire pambali panga, manja akugwedezeka aliyense akuona.

Vuto lonse ndi ř ameneyu. Lilime lizinjenjemera ngati pa r, nthawi yomweyo mpweya uzituluka ngati ukunena zh. Ngakhale ana a Atcheki eni ake amachedwa kumudziwa, ena mpaka amapita kwa akatswiri a kalankhulidwe. Nanga ife a kwathu, amene "kulira" ndi "kulila" timamvana bwinobwino, tingamuthe bwanji?

Loweruka ndinakwera sitima kupita ku Bratislava, likulu la dziko la Slovakia, ulendo wa ola ndi theka basi. Pocheza ndi mnzanga wina namwino ndinanena tras, monga amanenera Asilovaki, ndipo anamva pompo. Mtima unakhala pansi. Chisilovaki chilibe ř ngakhale mmodzi. Chivomezi iwo amati zemetrasenie, pamene Atcheki amati zemětřesení, mawu oti ukawamaliza wachita thukuta. Munthu akagunda mutu ubongo n'kugwedezeka, kuno ndi otřes mozku, uko ndi otras mozgu. Atcheki ndi Asilovaki anali dziko limodzi mpaka pa 1 Januwale 1993 ndipo amamvana popanda womasulira, koma mlendo lilime lake limapumira ku Slovakia.

Chilungamo chake, Asilovaki nawonso ali ndi minga yawo: ô, ľ, ndi r wautali wa m'mawu ngati vŕba. Komanso dokotala wa ku Brno titalowa anatilandira bwino. Anawauza agogo kuti aike manja pamaondo, kenako awatambasule, kenako agwire mphuno ndi chala. Anafotokoza kuti kunjenjemera kwa manja ali chikhalire, klidový třes, n'kumene kumaoneka kwambiri pa matenda a mu ubongo otchedwa Parkinson, pamene kwa agogowa kumabwera akafuna kugwira chinthu. Komabe Lolemba ndikubwereranso pamalo olandirira odwala paja, ndipo pepala ndalemberatu.