Benz, BMW kapena Lexus yakale: kudzera ku Dar, ku Joni kapena ku Zambia kwa wokhala ku Mzuzu

Munthu wa ku Mzuzu akaganiza zosiya Axio n'kukwera Benz C200, BMW 320i, Audi A4 kapena Lexus IS250 yoyendapo kale, amathamangira kufunsa mtengo. Choyenera kuyamba nacho ndi chipata chomwe galimotoyo idzalowere: Songwe, Mwanza, Dedza kapena Mchinji. Mayiko onse otizungulira amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero sichivuta. Chosiyana ndi malamulo awo pa galimoto zakale, ndipo malamulowo ndi amene amachititsa kuti C200 ya 2011 yochokera ku Yokohama ndi C200 ya 2011 yochokera ku Johannesburg zikhale ndi mavuto osiyana, mapepala osiyana, ngakhalenso sipeya zosiyana.

Njira ya Tanzania ndiyo yoyandikira kwa ife akumpoto. Galimoto si ya ku Tanzania ayi, ndi ya ku Japan, imangodutsa. Imakwera sitima ku Yokohama, Nagoya kapena Kobe, imatha mwezi kapena kupitirirapo panyanja, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam. Pepala la sitima, lija amati bill of lading, liyenera kulembedwa kuti katunduyo akupita ku Malawi. Akalakwitsa pamenepa, a TRA, bungwe la misonkho la Tanzania, amaiona ngati galimoto yodzakhala mu Tanzania, ndipo kukonzetsa pepalalo kumadya masiku pomwe ndalama ya malo oimikapo galimoto padoko ikuwerengeka tsiku ndi tsiku. Ajenti akamaliza, galimoto imapatsidwa nambala ya IT, ya galimoto zongodutsa, ndi masiku owerengeka oti ikhale itafika ku Kasumulu, boda ya Tanzania yoyang'anana ndi Songwe. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 900: Morogoro, nkhalango ya Mikumi, chikweza cha Kitonga, Iringa, Makambako, kukhota pa Uyole, kutsikira ku Tukuyu mpaka pa mlatho wa Songwe.

Pa ulendo umenewu ndi pomwe galimoto zotsika ngati izi zimavulalira. Mimba yake siifika masentimita 15 kuchokera pansi, ndipo ma hampu a m'matauni a mumsewuwu ndi osawerengeka. Dalaivala wolipidwa pa ulendo amafuna kufika msanga kuti abwerere kukatenga ina. Uzani ajenti ajambule galimoto mbali zonse isanatuluke padoko, pamodzi ndi mailo a pa dashibodi, jeke, makiyi onse ndi batire. Lipirani oyilo watsopano ndi fyuluta ku Dar komweko isananyamuke, chifukwa galimoto yomwe yakhala miyezi itatu osayenda siyenera kukwera Kitonga ndi oyilo wa ku Japan amene simukudziwa msinkhu wake. Ikafika pa Songwe, gwadani muone sampu ndi chivundikiro cha pansi pa injini musanamalize kulipira dalaivala.

Ubwino wa galimoto ya ku Japan ndi mapepala. Pepala la okushoni limapereka giredi: 4 ndi 4.5 ndi zabwino, 3.5 ili ndi zokonza, R kapena RA inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Chiphaso chotulutsira galimoto m'dziko la Japan chimaonetsa mailo omwe inali nawo pamene inkayesedwa ndi boma kumeneko, pamodzi ndi madeti ake. Ngati chiphasocho chikuti makilomita 98,000 zaka ziwiri zapitazo koma dashibodi ikuti 61,000, nkhani yathera pomwepo. Wogulitsa wokana kukuonetsani chiphasochi musamutaire nthawi.

Koma mailo ochepa aja amanyenga pa galimoto za ku Germany. Benz ya zaka 13 yomwe yayenda makilomita 55,000 okha inathera moyo wake pa mizere ya mumzinda, injini osatentha mokwanira, oyilo kukhalitsa. Labala amakalamba ndi zaka, osati ndi mtunda: mapaipi a madzi, ma bushi, ma mounting a injini, zonse zimakhala zouma ngakhale mipando ikununkhira unyuwani. Yochokera kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere mumsewu nthawi ya chisanu, imabisa dzimbiri pansi, makamaka pa chitsulo chonyamula matayala akumbuyo a W204, yomwe ndi C-Class ya 2007 mpaka 2014. Wailesi yake imagwira kuyambira 76 mpaka 90 FM, ndiye mawayilesi athu ambiri simuwamva mpaka mutaikitsa kachipangizo kowonjezera, ndipo sikirini yake imalankhula Chijapani.

South Africa imachita zosiyana kwambiri ndi ife. Kumeneko saloleza kuitanitsa galimoto zakale kuti zikagulitsidwe m'dzikomo, chifukwa amateteza mafakitale awo. Mercedes imapanga C-Class ku East London, ndipo BMW inkapanga 3 Series ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2018. Choncho C200 yomwe muipeze ku Johannesburg inagulidwa yatsopano komweko, inayenda pa misewu italiitali, kawirikawiri ili ndi makilomita oposa 150,000, koma zaka zake zoyamba inkapita ku sevisi kwa dila pa pulani, ndipo mbiriyo dila akhoza kuitulutsa ndi nambala ya chesisi. Pa galimoto za ku Germany, mbiri ya sevisi imeneyi imaposa mailo ochepa. Zija mumamva za galimoto za ku Japan zogulitsidwa ku Durban ndi nkhani ina: zimakhala m'malo osungira katundu wodutsa, sizinalembetsedwepo mu South Africa, ndipo kwa munthu wa ku Mzuzu palibe chifukwa chozitsatira kutali konseko pomwe zomwezo zimatsikira ku Dar.

Choopsa cha ku Joni ndi mapepala. Chiphaso chawo cha galimoto chimatchula anthu awiri: woigwiritsa ntchito ndi mwini weniweni, amene nthawi zambiri amakhala banki ngati ngongole sinathe. Dzina la wogulitsa liyenera kuoneka pa malo onse awiri, apo ayi akuonetseni kalata ya banki yoti ngongole inatha. Onaninso khodi: 2 ndi galimoto yoyendapo kale yabwinobwino, 3 ndi yomwe inaphwanyika kotheratu n'kumangidwanso. Zambiri zotchipa modabwitsa pa Facebook ndi za khodi 3. Isanatuluke m'dzikomo pamafunika chiphaso cha SARPCCO, bungwe la apolisi a mayiko a kum'mwera kwa Africa, chotsimikiza kuti si yobedwa. Popanda chimenechi mudzavutika ndi a Interpol kuno, ndipo galimoto ikhoza kugwidwa ngakhale munalipira ndi mtima woyera. Wina akakulonjezani kuti msonkho udzatsika chifukwa galimoto inapangidwa mu SADC, musachotsere ndalamayo pa bajeti mpaka a MRA atakutsimikizirani okha.

Mtunda nawo ndi wautali, makilomita oposa 2,000 kudzafika ku Mzuzu, ndipo mumadutsa mayiko awiri apakati: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue ndi Mwanza kapena Calomue ndi Dedza. Boda iliyonse ili ndi zolipira zake. Inshulansi ya Yellow Card yomwe imagwira ntchito ku Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe siigwira ku Mozambique, kumeneko mumagula yawoyawo pa boda.

Za Zambia n'zachidule. Galimoto zawo zambiri zimachokera ku Japan komwenso, kudzera pa Tunduma ndi Nakonde. Iwo amafuna kuti galimoto iyesedwe isanakwere sitima, zomwe ndi zabwino, ndipo kuyambira 2018 msonkho wawo pa galimoto zakale ndi wokhazikika malinga ndi zaka komanso kukula kwa injini. Koma galimoto yomwe ili ndi nambala ya ku Zambia inalipira kale msonkho kwa ZRA, bungwe la misonkho la dzikolo, wogulitsa adzaufuna pa mtengo wake, ndipo pa Mchinji a MRA adzafuna wawo wonse. Mwalipira kawiri. Ku Chipata ndi ku Lusaka n'kothandiza pa sipeya, osati pa galimoto.

Kulikonse komwe yachokera, msonkho wa kuno umayang'ana zinthu ziwiri: zaka ndi kukula kwa injini, ndipo umasintha malinga ndi zimenezo. C200 ili ndi 1,796cc, 320i ili ndi 1,995cc, IS250 ili ndi 2,499cc, ndiye Lexus imalipira zambiri pa boda. A MRA ali ndi njira yawo yowerengera, samangotengera risiti ya wogulitsa. Pitani ku ofesi yawo ndi chaka, mtundu ndi cc musanatumize ndalama, osati galimoto itaima kale pa Songwe. Kumbukiraninso kuti mtengo uli mu madola kapena ma rand. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene galimoto zawo zinali panyanja anaona bajeti zawo zikusweka. Siyani ndalama yapadera.

Tsopano galimoto zenizenizo. C200 ya W204, yomwe inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2014, ili ndi injini ya M271, ndipo nthenda yake ndi tcheni cha taimingi ndi magiya a pa camshaft. Iyeseni m'mawa, injini itagona usiku wonse, ngati m'mawa wa June ku Mzuzu nkhungu isanachoke. Tsegulani boneti, wina alize. Mukamva kakakaka kwa masekondi awiri kapena atatu kenako n'kukhala chete, mano a magiya aja atha, ndipo tcheni chikadumpha ma valve amagunda ma pisitoni. Wogulitsa amene mumamupeza atailiza kale injini, dzanja likutentha pa boneti, mubwerereninso mawa lake. Zulaninso pulagi ya magetsi kutsogolo kwa injini pa maginito a camshaft: mukapeza oyilo mkati mwake, ndiye kuti akuyenda mu mawaya kulowera ku kompyuta. Vuto lina ndi loko wa magetsi wa chiwongolero. Akafa, kiyi amalowa koma galimoto siyankha chilichonse, ndipo kukonza kwake kumafuna munthu wodziwa kupulogilamu, osati waya ndi pulayala. Injiniyi imamwa malita 5.5 a oyilo wa muyeso wa Benz wa MB 229.5, ndipo giyabokosi ya 7G, ya magiya 7, imafuna oyilo ndi fyuluta pa makilomita 60,000 alionse.

BMW 320i ya E90, yomwe inayamba kupangidwa cha mu 2005, ya injini ya N46 imatchuka ndi kudontha oyilo komanso ma valve seal ouma. Isiyeni ilire pamalo amodzi kwa mphindi khumi, kenako pondani moto: utsi wabuluu kumbuyo ndiwo umboni. Ma 320i omaliza a E90 a ku Japan ali ndi injini ina, N43, yopopera petulo mwachindunji mu silinda, yomwe ma injekita ake ndi odula komanso osowa kuno. N'chifukwa chake funsani dzina la injini, osati chaka chokha. Zambiri zinabwera ndi matayala a runflat, omwe amayendabe pang'ono akaphwa, ndiye zilibe tayala lapadera m'buti. Munthu woyenda pakati pa Chikangawa usiku ayenera kugula tayala, limu ndi jeke tsiku lomwelo.

Audi A4 ya B8, yomwe inayamba kupangidwa cha mu 2008, ya injini za TFSI zoyambirira imamwa oyilo chifukwa cha ma ring, ndipo zambiri zokoka ndi matayala akutsogolo zili ndi giyabokosi ya Multitronic yomwe amakaniko oidziwa bwino ndi ochepa. Kwa wokhala kumpoto kuno, imeneyi ndi yoisiya.

Lexus IS250 ya 2005 mpaka 2013 ndi nkhani ina. Injini yake ya 4GR-FSE ndi yomwe ilinso mu Mark X ndi Crown, ndiye makaniko wa ku Luwinga kapena ku Chibavi anaitsegulapo kale, ndipo sipeya zake zimapezeka ku Ilala ndi Kariakoo, n'kubwera pa basi ya ku Dar. Ili ndi zake: mwaye umaunjikana pa ma valve, pampu ya madzi imadontha ikakalamba, dashibodi imanata ikapsa ndi dzuwa, malo akumbuyo ndi opanikiza, ndipo injini yake ya V6 imamwa petulo kuposa Axio. Koma siikugonekani pa msewu chifukwa cha kompyuta.

Injini zopopera petulo mwachindunji, monga CGI ya Benz, N43, TFSI ndi 4GR yomweyo, zimadana ndi petulo wauve. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, petulo wa m'zigubu wokhala ndi madzi kapena parafini amapha pampu ndi ma injekita msanga. Amene sangapirire pa mzere wa pa filing'i asankhe C200 yakale ya Kompressor, yomwe inalipo CGI isanabwere, kapena BMW ya N46.

Ndiye kusankha kwake kuli motere. Wofuna Lexus aitenge ku Japan kudzera pa Songwe, chifukwa galimoto ndi sipeya zake zimayenda njira imodzi, ndipo ndi njira yathu yaifupi. Wofuna Benz kapena BMW aganizire kwambiri za ku Joni, atenge ya mbiri ya sevisi ngakhale mailo achuluke, chifukwa sipeya zake zatsopano ndi za pa sikirapu zadzaza kumeneko, ndipo anyamata a matiransipoti a ku Mzimba ndi Mzuzu amayenda njirayo mosalekeza. Poitanitsa sipeya tumizani nambala yonse ya chesisi, osangoti "C200 ya 2010", popeza chaka chomwecho chili ndi injini ziwiri. Wotenga Benz ku Japan sanalakwe, koma awonjezere pa bajeti tcheni, mapaipi a madzi, thermostat ndi ma bushi akutsogolo, zosintha mwezi woyamba.

Kwa yolowera pa Songwe, mayeso oyamba ali panjira pomwepo. Kuchoka ku Karonga msewu ndi wathyathyathya m'mbali mwa nyanja mpaka pa Chiweta, kenako chikweza chokhotakhota chija. Zimitsani wailesi, maso pa geji ya kutentha, makutu kwa giyabokosi. Geji ikasuntha kupitirira pakati, imani pamalo otakasuka, injini izizire, ndipo musatsegule chivundikiro cha madzi ikadali yotentha. Mukafika mu Mzuzu, musanathamangire ku Road Traffic kukatenga nambala ndi COF, ipititseni kaye pa kompyuta yowerenga zigawo zonse, osati injini yokha, ndipo mapepala a zomwe yapeza muwasunge pamodzi ndi a MRA ndi a apolisi.