Sewero si phokoso la ana, bambo

Ndakwiya. Bambo wina walemba kuti sewero lija la mtsikana wa sukulu wofuna kuchotsa mimba ndi "phokoso la ana", ati azisudzo azingotiseketsa, za malamulo aakulu a dziko asiyire maloya. Bambo inu, mwaganiza bwino koma?

Lamulo likakhala m'buku limangokhala gawo lakuti, ndime yakuti. Palibe amagwetsa nalo msozi. Koma muone mtsikana wagwada pamaso pa namwino, namwinoyo manja akunjenjemera, poti akamuthandiza amangidwa, akamubweza mwanayo akachotsera kuseri n'kufa. Mawu oti "ufulu wokhala ndi moyo" akusandukirani funso pomwepo: moyo wa ndani? Mayi wina wodana kwambiri ndi kuchotsa mimba anatuluka muholo akungoti, "Nanga akanakhala mwana wanga?" Sanasinthe mbali ayi, koma anasiya kulankhula ngati nkhaniyi ndi ya anthu ena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngati sewero ndi phokoso, boma la Kenya linatsekeranji mlembi Ngugi wa Thiong'o mu 1977 chifukwa cha sewero la Chikikuyu lomwe anthu wamba anachita m'mudzi wa Kamiriithu? Mu 1982 bwalo la zisudzo lenilenilo analigumula. Boma limagumulira bwalo phokoso la ana? Ku Brazil, katswiri wa zisudzo Augusto Boal ankaimitsa sewero pakati n'kuitana woonerera kuti akwere, alowe m'malo mwa woponderezedwayo, ayese yekha kudzipulumutsa. Atakhala khansala ku Rio de Janeiro, maganizo ena otuluka m'masewero otere anasanduka malamulo a mzindawo.

Anthu amasintha akaona nkhope. Ku Ireland chiletso cha kuchotsa mimba chinalowa m'malamulo aakulu mu 1983. Mayi wina, Savita Halappanavar, atamwalira mumzinda wa Galway mu 2012, atakanizidwa kuchotsa mimba yomwe inali ikupita kale padera, amayi ambiri anayamba kufotokoza poyera zomwe zinawachitikira, ndipo mu 2018 anthu 66 pa 100 alionse anavota kuti chiletsocho chichoke. Sewero limachita zomwezo, kukuikirani munthu pamaso. Ambiri timangoopa kuzikamba chifukwa cha manyazi basi.

Koma nanunso azisudzo ena mumatopetsa. Sewero lonse kungolakatula kapepala ka bungwe lomwe lakupatsani ndalama, pomaliza wina n'kuima kutsogolo kumatilalikira zoti tiziganiza. Tinabwera kudzaona munthu ife, osati kudzamva lipoti!