Omasulira mafilimu, lekani kutiphera nkhani

Dzulo ndinapsa mtima zedi. Ndinakatenga ku burning centre filimu ya chi Russia, ya anthu osaka chuma chotayika, yomasuliridwa m'Chichewa. Sindinaimalize. Womasulirayo sankadziwa n'komwe zimene zikuchitika, amangobwebweta. Mayi pa sikirini akulira, iye akuseka chikhakhali. Mawu a Chingerezi m'munsimu akunena za nkhondo, iye akuti anthuwa akulimbirana chibwenzi. Anthuni, ameneyu ndi womasulira kapena wopeka?

Chikundiwawa n'chakuti chuma akusakacho si chopeka ayi. Ndi Amber Room, chipinda chathunthu chokutidwa ndi amber, utomoni wa mitengo umene unauma kalekale n'kulimba, wonyezimira ngati uchi, pamodzi ndi golide ndi magalasi. Mfumu ya Prussia (dziko limene linadzakhala mbali ya Germany), Friedrich Wilhelm I, inachipereka kwa mfumu ya Russia, Peter the Great, mu 1716. Pambuyo pake chinaikidwa m'nyumba yachifumu ya Catherine Palace ku Tsarskoye Selo, kufupi ndi St Petersburg. Mu 1941 asilikali a Hitler anachiphwasula khoma ndi khoma, n'kulongedza m'mabokosi, ulendo wa ku Königsberg, mzinda wa Germany panthawiyo, komwe lero ndi Kaliningrad ku Russia. Pofika 1945 chinali chitazimirira. Anthu akumba m'migodi, ena alowa pansi pa nyanja ya Baltic kukasecha m'sitima zomira, koma mpaka lero sichinapezeke. A ku Russia anachita kumanga china, ntchito yoyamba mu 1979 n'kudzatha mu 2003.

Nkhani yolemera chonchi, munthu n'kuisandutsa macheza a pabawo! Chaka chomwecho cha 1941 ndi pamene Leningrad (dzina la St Petersburg panthawiyo) inazingidwa ndi asilikali a Hitler, anthu miyandamiyanda n'kufa ndi njala. Mayi uja akulirira zimenezo, inu mukuseka. Mulibe manyazi?

Chi Russia simuchidziwa, chabwino, nafenso sitichidziwa. Koma mawu a Chingerezi alipo m'munsimo, foni muli nayo, intaneti ilipo. Mukulephera chiyani kuwerenga kaye musanagwire maiki? Safunsa anadya phula, koma apa phulalo mukutidyetsa ife amene talipira ndalama zathu. Kaya ndi changu chofuna kutulutsa mafilimu ambiri pa sabata, zimenezo n'zanu. Mukutinamiza basi. Agogo amene samva Chingerezi akudalira pakamwa panu, mwana wa ku video show akudalira pakamwa panu, inu mukuwapatsa bodza iwo n'kumavomera. Kumeneko si kumasulira, ndi kupha filimu ya eni ake.

Chinanso, moni wa pakati pa filimu ndi wa chiyani? Anthu afika pansi pa mgodi, tochi ili m'manja, akutsegula bokosi loyamba, mtima uli m'mwamba, inu mwazimitsa mawu onse n'kuyamba kutchula nambala yanu ya foni ndi mayina a anzanu a kumsika. Ndani wakufunsani zimenezo?