Ndalama yothokoza wotumikira galimoto: za ku South Africa, Mozambique ndi kwathu kuno

Munthu woyendetsa galimoto kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Mwanza amaona kuti ntchito yoyang'ana oyilo, madzi ndi mpweya wa matayala ndi imodzi paliponse, koma kathokozedwe ka woigwira kamasintha akangowoloka malire.

Ku South Africa malamulo salola kuti mwini galimoto adzithirire yekha mafuta, choncho pa malo omwetsera mafuta pamakhala antchito amene, kupatula kuthira petulo, amapukuta galasi lakutsogolo, kutsegula boneti ndi kuyeza matayala. Chizolowezi chake n'chakuti ntchito ikatha mumamupatsa wantchitoyo R5 kapena R10 m'manja, poyera, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Mukangothira mafuta osapempha china, mukhoza kuchoka osapereka kanthu. M'magalaja akuluakulu, kumene mumalipira pa kauntala ndi kulandira lisiti losonyeza mtengo wa oyilo ndi wa ntchito, ndalama yapadera siyembekezeredwa kwenikweni, ngakhale ena amapatsabe mnyamata amene wawaikira matayala.

Ku Mozambique kuli mawu akuti refresco, kutanthauza chakumwa choziziritsa kukhosi, ofanana ndi "ya fanta" yathu. Vuto lake n'lakuti mawu omwewa amanenedwanso pa ziphuphu za pamsewu, moti mlendo amazengereza kutulutsa ndalama ngakhale pamene wathandizidwa moona mtima.

Kwathu kuno nkhani ndi yovutirapo. Pa galaja za ku Biwi kapena ku Ndirande mtengo wosinthira oyilo mumachita kunenerera ndi mwini galaja, ndipo mukagwirizana mumaona ngati zonse zatha. Komatu amene amagona chagada pansi pa galimoto, kumasula nati yotentha ndi kudetsa malaya ndi oyilo wakuda, kawirikawiri ndi mnyamata wophunzira ntchito amene madzulo amangolandira ya basi ndi ya nsima, mwinanso osalandira n'komwe. Ife timapereka ndalama kwa bwana wake n'kuliza galimoto, mnyamatayo n'kutsala akupukuta manja pa sanza.

Pa malo omwetsera mafuta zinthu zinapotoka mwanjira ina. Nthawi imene mafuta akusowa, ndalama yapamwamba imaperekedwa ntchito isanagwiridwe, kuti munthu adumphe mzere kapena athiriridwe m'chigubu, ndipo imeneyi siyothokoza ayi, chifukwa imalanda malo a munthu amene wagona pamzere usiku wonse.

Sindikunena kuti njira ya ku South Africa ilibe chilema. Kumene chizolowezichi chakhazikika, olemba ntchito amapeza pobisalira, n'kumasiyira makasitomala udindo wokwaniritsa malipiro operewera, ndipo wantchito amayamba kuthamangira galimoto yonyezimira kusiya yachikale. Komabe pali chimodzi chimene ndimachisirira kumeneko: ndalamayo imaperekedwa ntchito itatha, ndipo imafika m'dzanja la amene waigwira.

N'chifukwa chake masiku ano ndikapita kukasinthitsa oyilo ndimamaliza kaye kulipira mwini galaja monga tagwirizanirana, kenaka ndimamuitanira pambali mnyamata uja, n'kumufunsa ngati wamanga bwino nati ya pansi, ndi kumupatsa yake m'manja mwake.