Mwalapa, nanga mbuzi ya eni ake mwabweza?

Abale anga mwa Ambuye, pali mbali ina ya kulapa imene taisiya kuilalikira, ndipo ikuononga umboni wathu. Munthu amapita kutsogolo, kugwada, kulira, abusa n'kumupempherera, koma mbuzi imene anatenga mwachinyengo ikadali m'khola lake, yabereka kale kawiri. Ine ndikuti kulapa kotere sikunafike pamapeto.

Yesu atayamba kulalikira ku Galileya ananena kuti ufumu wa Mulungu wayandikira, choncho anthu atembenuke mtima ndi kukhulupirira Uthenga Wabwino (Marko 1:15). Kutembenuka kumaoneka ndi kumene mapazi alowera. Anthu atafunsa Yohane Mbatizi kuti achite chiyani, iye anayankha aliyense malinga ndi ntchito yake (Luka 3:10-14): wa malaya awiri apatseko amene alibe, wokhometsa msonkho asatenge zoposa zimene analamulidwa, msilikali asalande za anthu moopseza kapena mowanamizira, akhutire ndi malipiro ake. Mayankho onsewa akukhudza m'thumba.

Chilamulo cha Mose chinaika ngakhale muyeso. Pa Levitiko 6:1-7, munthu amene wakana chinthu chimene anamusungitsa, walanda, kapena watola cha mnzake n'kulumbira zabodza, ayenera kubweza chonse, kuonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu, n'kupereka kwa mwini wake tsiku limene akubwera ndi nsembe. Mutadya K50,000 ya ku banki mkhonde, muyeso umenewo ukunena K60,000. Wakuba amene wapha kapena kugulitsa chiweto, Eksodo 22:1 ikuti alipe ng'ombe zisanu pa ng'ombe imodzi, nkhosa zinayi pa nkhosa imodzi. Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, palibe anamugwira, koma anadziika yekha pa muyeso wa wakuba: kubweza kanayi kwa aliyense amene anamudyera, ndi theka la chuma chake kupatsa osauka. Pomwepo Yesu anati chipulumutso chafika m'nyumba imeneyi lero (Luka 19:8-9).

Wina anena kuti tili m'chisomo, osati m'chilamulo. Zoona, ndipo ndisamveke molakwika. Kubweza sikugula chikhululukiro. Timapulumuka mwa chisomo, mwa chikhulupiriro (Aefeso 2:8-9), ndipo wachifwamba uja pamtanda analibe mpata wobweza kanthu. Yudasi naye anabweza ndalama 30 zasiliva zija, koma anapita kukadzipachika m'malo mobwerera kwa Ambuye. Komabe ndi Yesu mwini amene anati ukafika ndi mtulo wako paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mtulowo, kayanjane naye kaye (Mateyu 5:23-24). Gawo lachisanu lija silitimanga ngati lamulo, koma mwini katundu akudikirabe.

Kachitidwe kake nkotere. Khalani pansi ndi pepala, lembani dzina la munthu, chimene munatenga, kuchuluka kwake ndi nthawi. Tchimo losatchulidwa dzina limabisala mosavuta m'pemphero loti "mutikhululukire zolakwa zathu zonse". Mukavomereza kwa Mulungu, nyamukani mupite kwa mwini wakeyo. Mawu oti "ngati ndinakulakwirani" asatuluke m'kamwa mwanu, chifukwa "ngati" ameneyu amakankhira mlandu kwa wolakwiridwa, kukhala ngati iye ndiye akungodandaula. Nenani kuti ndinatenga matumba awiri a chimanga, ndinanama, ndabwera kudzabweza.

Pamenepa ambiri amapunthwa pa nkhani ya mtengo wa katunduyo. Munatenga matumba awiri, bwezani matumba awiri kapena mtengo wake wa lero. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye kubweza ndalama ya zaka zisanu zapitazo monga inalili ndi kumuberanso munthuyo kachiwiri. Ngati simungathe zonse nthawi imodzi, musadikire tsiku limene zidzakwane, tsikulo silifika. Pitani ndi zimene muli nazo, gwirizanani zopereka mwezi ndi mwezi, mulemberane pamaso pa mboni monga mkulu wa mpingo. Nkhani ya malire a munda ifike kwa amfumu, chizindikiro chibwerere pamalo pake anansi akuona.

Mwini wake akakhala kuti anamwalira, ngongole siifera naye limodzi. Numeri 5:8 ikuonetsa kuti imapita kwa wachibale, ndipo imapita kwa wansembe pokhapokha wachibale palibe. Amene munalanda malata, mashini osokera kapena nyumba maliro atangotha, ana amasiye aja ndi mayi awo alipo. Kuika ndalamayo m'mbale ya chopereka mwini wake ali moyo ndi kuthawa manyazi chabe, ndipo abusa amene akudziwa n'kulandira akulakwa nawo. Inu ogula mbewu amene mwakhala mukubera alimi pasikelo, alimi onse simungawapeze. Konzani sikelo lero, bwezerani amene mukuwadziwa, zotsalazo zipite kwa osauka a dera lomwelo. Waganyu amene sanalandire malipiro ake, Yakobo 5:4 akuti kulira kwake kwafika m'makutu a Ambuye. Mulipireni sabata ino.

Si zonse zimabwezeka ndi ndalama. Mbiri ya munthu mukaiipitsa, kaikonzeni pomwe munaiipitsira. Bodza lonenedwa pagulu la WhatsApp la anthu 200 silikonzeka ndi uthenga wamseri kwa munthu mmodzi. Koma chigololo ndi china. Kuimirira pa nthawi ya umboni n'kutchula dzina la mkazi wa mwini kapena mwamuna wa mwini ndi kupasula banja lina kuti mtima wanu upepuke. Nkhani yotere ipite kwa abusa ndi ankhoswe, ndipo chibwenzicho chithe, nambala ifufutidwe.

Konzekeraninso kuti munthuyo akhoza kulandira katundu wake osakukhululukirani, kapena kukwiya koposa kale, kapenanso kutengera nkhaniyo kupolisi. Chikhululukiro chake simungachilamule, ndipo musamutumizire mavesi omukakamiza. Mlandu ukakhala waukulu, monga ndalama za kuntchito, pitani ndi mkulu wa mpingo, ndipo musanayankhule funsani wodziwa malamulo kuti mudziwe chimene chikukudikirani.