Chenjezo kwa inu okaonera oyimba usiku kuno ku Mulanje

Ana anga a pa Chitakale, pa Boma, ku Limbuli mpaka ku Luchenza, tandimverani kaye musanayambe kusita malaya a Loweruka.

Nyimbo sindidana nazo ayi. Za rock zimene mabandi otsanzirawa akuyimba, za Queen, Dire Straits ndi Deep Purple, ife tinazimva pa wayilesi zidakali zatsopano, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mnyamata amene wayeserera gitala mpaka kulira ngati ya mwini wake, ine ndimamutayira kamtengo. Ndipo ali ndi mwayi anyamatawa, chifukwa nthawi ya Kamuzu tsitsi lalitali lija akanalimetedwa asanakwere n'komwe pa nsanja. Chandiyankhulitsa ndi khalidwe lanu inu oonera.

Kodi pa sipika pamakhala chiyani? Bwalo lonse lili apo, koma inu mwaunjikana pamphuno pa zimkuzamawu, wina mpaka kutsamiritsa mutu pa bokosi kuti anzake amujambule aponye pa Facebook. M'mawa mwake khutu likulira kuti ng'wiii, inu n'kumaseka kuti kunali kotentha. Si zoseketsa zimenezo. M'kati mwa khutu muli timaselo tating'ono tomwe timamva mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Phokoso likapitirira madesibelo 85 (umenewo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola ambiri limayamba kuwononga, pomwe m'makonsati a rock limafika pa 100 ngakhale kudutsa. Eni ake nyimbozo anaziona. Brian Johnson, woyimba wa bandi ya rock ya AC/DC, anasiya ulendo wokayimba uli pakati mu 2016, madokotala atamuchenjeza kuti akapitiriza agontheratu. Ameneyo ndi munthu wandalama zake, wa madokotala ake. Nanga iwe wothyola tiyi, ukagontha uli ndi zaka 25, adzakugulira makutu ndani?

Inu amayi amene mumapita ndi khanda kumbuyo, manyazi akugwireni. Mwana ali m'chitenje, kamutu kakugwedezeka ndi kugunda kwa ng'oma, kulira kwake simukukumva n'komwe. Musiyeni ndi agogo ake, kapena khalani pakhomo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi ulendo wobwerera. Popita mumanyamuka dzuwa lili pamwamba, mwachangamuka, ndalama zili m'thumba. Za pobwerera palibe waganiza. Oyimba akamalongedza zida ndi pakati pa usiku, maminibasi anasiya kalekale, ndalama ya thiransipoti yathera m'botolo. Ndiye mumatani? Mumapanikizana atatu kapena anayi pa njinga yamoto imodzi, opanda chipewa choteteza mutu, wakabaza naye anali m'bwalo momwemo botolo lili kumanja. Mtsikana wakhala kumapeto kwenikweni pa chitsulo, dzanja limodzi lagwira nsapato, lina foni.

Msewu wathuwu mumaudziwa masana okha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chikatsika kuchokera ku Mozambique, nkhungu imaphimba minda ya tiyi moti nyali ya njinga imangoonetsa utsi woyera, phula lili tererere ndi mvula yowaza. Msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo uli ndi makona ndi zitunda zomwe ngakhale madalaivala akale amaziopa. Wa Midima ndi wowongoka, n'chifukwa chake anthu amathamangamo mopusa. Malole opita ku Muloza sagona. Ndipo kusanache m'mphepete mwa msewu mumakhala kale anthu oguza njinga zakapalasa zodzaza nthochi, nanazi ndi makala, opanda nyali, akuthamangira msika. Amenewo sanamve nyimbo ndi imodzi yomwe, koma ndi amene mumawagunda.

Ena mumati tidutsira m'tinjira ta m'minda ya tiyi kuti tifike msanga. Usiku? Foni ili m'manja ikuwala? Akuba nawonso amawerenga zikwangwani za konsati, amadziwa tsiku ndi ola lotulukira.

Inunso okonza zoyimbazi musathawe. Nthambo za magetsi zolumikiza ndi pulasitiki zili pa udzu wonyowa, chipata chotulukira chimodzi chokha, china mwakhoma poopa olowa ulere. Magetsi atathima anthu n'kuyamba kukankhana, mudzawauza chiyani makolo awo?

Ngati mukupita, ndalama yobwerera muipatule musanagule botolo loyamba. Panganani ndi wakabaza amene mukumudziwa kuti samwa, mmodzi pa njinga, chipewa kumutu. Muli ndi m'bale pafupi ndi malowo, muuzeni kudakali masana kuti mudzagona kwawo, mubwerere kutacha. Imani chapakati kapena kumbuyo kwa bwalo, nyimbo imamveka bwino komweko. Ndipo atsikana, chakumwa chimene mwachisiya pa tebulo popita kovina musachimwenso, gulani china.