Inu odumpha chingwe padoko, mukufunanji m'madzi?

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu nonse owolokera padoko lathu, ndabwereka foni ya mdzukulu wanga kuti mawu awa afike kumene pakamwa panga sipakufika. Zimene ndinaona Lachisanu lapitali zandisowetsa tulo, ndipo ndikakhala chete, tsiku lodzalira maliro mlandu wina udzakhala wanga.

Nonse mukudziwa kuti chikokolokere mlatho wathu wakale tikuwolokera pa mlatho wongoyembekezera, wachitsulo uja wogona pa mathanki oyandama. Mlathowu unatsamira kwambiri pamadzi moti ngakhale bwato la makala silingalowe kunsi kwake. N'chifukwa chake Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa amisiri amamasula chigawo chapakati, batelau, boti lalikulu la injini lija, n'kuchikokera pambali, kuti maboti otsikira ku Zambezi ndi chimanga ndi nsomba zouma adutse, ochokera kumunsi nawo akwere. Zikayenda bwino ntchito yonse siposa ola limodzi. Ola limenelo ndi limene lakukanikani kudikira.

Lachisanu mlonda anamanga chingwe pakhomo la mlatho, anakweza mbendera yofiira, kherere analira kawiri. Tonse tinamva. Kenaka ndinangoona mnyamata wa njinga yamoto, atakweza mayi wobereka khanda kumbuyo, akutukula chingwe ndi dzanja lamanzere n'kulowa. Apo n'kuti amisiri atazula kale zikhomo za mbali yakuno, chigawo chitayamba kusuntha. Mpata unali ngati chikhatho, posakhalitsa unafika mkono wathunthu, tayala lakutsogolo n'kutitimira mmenemo. Mayi uja anagwa chogwada atakakamira chitsulo cha m'mbali, mwana ali lendee kumsana, pansi pawo madzi akuda akuthamanga. Mmisiri wina anataya sipanala n'kumugwira chitenje. Woyendetsa batelau anabweza injini mpaka utsi wakuda tolotolo. Anapulumuka onse atatu. Koma chimene chinandiwawa mtima n'chakuti nditamuyandikira mnyamatayo kumtunda, anandiseka n'kunena kuti, “Madala, ife tinazolowera.”

Unazolowera chiyani, mwana iwe? Mayi uja anakupatsa ndalama kuti umufikitse kumsika, osati kumanda. Ukadamugwetsera mmenemo ukadakawauza chiyani amuna ake? Ukadalipa ndi njinga yako ya ngongoleyo?

Ine ndakulira pamadzi. Ndinayamba ndi nkhafi pa bwato la malume anga, kenaka ndinagwira ntchito pa batelau mpaka msana utakana. Choncho ndiloleni ndikuuzeni zimene maso anu saona mukaima kumtunda n'kumaganiza kuti amisiri aja akungokuchedwetsani.

Zikhomo zikazulidwa, chija sichilinso mlatho. Ndi katundu woyandama, wolemera kuposa lole yodzaza, ndipo chomugwira ndi mawaya ndi injini ya batelau basi. Batelau ilibe mabuleki. Njinga yako ukaponda imaima pomwepo chifukwa tayala lagwira dothi, koma pamadzi palibe chogwira. Woyendetsa akafuna kuima amabweza injini, chitsulo chonse chija n'kumapitabe kutsogolo kwa kanthawi chisanamvere. Ukakhala pakati pa batelau ndi mathanki nthawi imeneyo, woyendetsa akhoza kukuona, akhoza kukuwa, akhoza kulira, koma kukuphwanya akuphwanyabe.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene chigawo chikutembenuka, mbali yake yaitali n'kupingasa mtsinje. Pamenepo madzi onse amatsamira pa icho. Madzi mumawapeputsa chifukwa mumawamwa m'kapu, koma lita imodzi imalemera kilo imodzi, ndipo thanki yotalika mita imodzi mbali zonse ikadzaza ndiye kuti muli tani yathunthu. Amayi osenza ndowa ya malita 20 akudziwa bwino zimene ndikunena, khosi lawo ndi mboni. Tsono ganizani matani angati amene amadutsa padoko lathu pa kuphethira kumodzi. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Ndiye wina aziti mu Seputembala ndinadumpha bwinobwino, osadziwa kuti mtsinje wa Seputembala ndi wa Febuluwale ndi nyama ziwiri zosiyana. Komanso ife tili kumunsi kwa damu la Cahora Bassa, lomwe linatseka Zambezi mu 1974. Ku Songo, kumene kuli damuli, akatsegula zitseko zake, Zambezi amafufuma n'kukankhira madzi kukamwa kwa mtsinje wathu, ngakhale kuno kutawala dzuwa la phwee. Madzi amasintha khalidwe usiku umodzi, iwe uli m'tulo.

Tsopano za waya, pakuti pamenepa ndipo pali chilonda changa. Ndimakuonani anyamata mutatsamira waya womangidwa pachitsa chakumtunda, ena mutakhalira, ana akuchita katungwe. Waya ameneyo akakungika amalira ngati nsambo ya bangwe, ndipo akaduka sagwa pansi ngati chingwe cha zovala. Amabwerera ngati chikoti, mwaliwiro loti diso siliona, n'kusesa chilichonse chili m'njira yake. Msuweni wanga tinkagwira naye ntchito limodzi. Tsiku lina tikukoka katundu madzi ali ambiri, waya anadukira pamfundo. Ine ndinangomva phaa! Potembenuka n'kuti iye ali pansi, mwendo utatsala pang'ono kulekana ndi thupi. Tinamunyamula pamachira mpaka kumsewu. Anakhala ndi moyo, koma mwendo anausiya kuchipatala, ndipo munthu amene ankalima dimba lake yekha anatha zaka zake zonse akudikira kuti wina amutungire madzi. Iye anali mmisiri wodziwa poima. Nanga inu, amene mumakhalira wayayo mukudya nzimbe?

Inunso eni mabwato, anzanga a ntchito imodzi, ndili nanu mawu, ndipo pa inu ndiye manyazi anga achuluka chifukwa madzi mumawadziwa. Mpata ukangoyamba kuoneka mumathamangira onse ngati nkhuku zaona madeya, batelau isanamange n'komwe. Kumbuyo kwa batelau kuli chopalasira cha injini chomwe chimatakasa madzi ngati mthiko mumphika. Bwato laling'ono likalowa mmenemo limazungulira, nkhafi siigwira, kenaka gubudu. Mwezi wathawu tinamuvuula ndi mponda bambo wina wa kutsidya, matumba ake a chimanga atapita onse, chakudya cha banja chaka chathunthu. Mwayi wake anatulukira poyera. Akadakokedwera kunsi kwa mathanki sitikadamuonanso wamoyo, pakuti kunsi kuja kulibe potulutsira mutu, ndipo kuli zingwe za anangula zimene zimakola munthu ngati khoka. Wodziwa kusambira ndi wosadziwa amafanana kumeneko. Za ng'ona sindinena zambiri, mukudziwa nokha kuti padoko pamene amayi amatumbulira nsomba ng'ona sizichoka patali.

Makolo athu anatisiyira dongosolo ndipo silinakalambe. Bwato lotsika ndi madzi ndilo liyambe kudutsa, chifukwa silingathe kuima. Lokwera likhoza kudikira m'mbali litagwira bango. Dutsani limodzilimodzi, mbendera ikatsika, osati awiri mophaphatizana kuti muonetsane ukatswiri. Ndipo inu a maboti a injini, chepetsani moto podutsa pampata. Mafunde anu amagwedeza chigawo chimene amisiri aimapo, amagubuduzanso anzanu opalasa ndi manja. Injini yakupatsani liwiro koma siinakugulireni mtsinje.

Atsikana ndi anyamata a mafoni, amene mumathamangira kumapeto kwa mlatho kukadzijambula chigawo chikuchoka kuti mukaike pa Facebook: mukaunjikana khumi kumphepete kumodzi thanki ya mbali imeneyo imamira, chitsulo chonyowa n'kupendekeka, ndipo mapatapata anu sagwira. Chithunzi chimenecho n'chimene abale anu adzasindikize papepala la maliro. Amayi, ana anu amene amadumphira m'madzi kuchokera pa mathanki, ali ndi eni ake kodi? Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mukamuona mukalipireni pomwepo, amake akadzabwera kudzadandaula muwatumize kwa ine.

Sindingadzudzule ana okha ngati kuti akuluakulu a ntchitoyi ndi oyera. Mlonda amene amalandira ndalama ya refresko, yogulira chakumwa, n'kutukulira munthu chingwe kherere atalira kale, ameneyo akugulitsa moyo wa munthu pamtengo wa botolo limodzi. Ndakuonani, bambo, ndipo kawiri konse. Kampani imene ikugwira ntchitoyi nayo imveko: tsiku lina mumatsegula dzuwa litangotuluka, tsiku lina litafika paliwombo, popanda chikwangwani, popanda uthenga. Munthu wosadziwa nthawi ndiye amachita phuma. Lembani maola pabolodi mbali zonse ziwiri za mtsinje, tumizani ku wailesi, uzani mafumu ndi a mipingo alengeze. Amisiri anu ena amaima pachigawo choyenda opanda kolete, chovala choyandamitsa munthu pamadzi chija, atavala majombo olemera. Munthu wotere akagwa amamira ngati mwala. Ndipo chingwe cha sisala si chotchinga. Ikani mtanda wachitsulo woti njinga isadutse, ndi nyali ya usiku, chifukwa tsiku lina mudzachedwa kubwezeretsa mpaka mdima, wina n'kubwera ali pa liwiro akuyesa mlatho ndi wathunthu.

Ndikudziwa zimene mudzandiyankhe. Mudzati madala, chapa, minibasi ya ku Moatize, itisiya, tomato aola, ana achedwa kusukulu. Zoona, umphawi umathamangitsa, inenso ndinauthamangira. Koma masiku otsegula mukuwadziwa, ndi awiri okha pa sabata. Lawirani. Ngati pali wodwala kapena mayi amene nthawi yake yakwana, tumizani mwana athamange akauze mlonda zikhomo zisanazulidwe. Amisiri aja ndi anthu, ali ndi akazi ndi ana, ndawaonapo akuimitsa ntchito kuti machira adutse. Chimene sangathe ndi kubweza chigawo m'kuphethira kwa diso chitachoka kale.

Kudikira pamtsinje sikunayambe ndi inu. Mlatho waukulu wa mu mzinda wa Tete, umene lero timautcha Samora Machel, usanatsegulidwe mu 1973, aliyense wowoloka Zambezi pamenepo ankakhala pansi kudikira batelau, mfumu ndi mlimi chimodzimodzi. Ngakhale mlathowo utabwera, madalaivala a malole opita kumalire a Malawi ku Zóbuè ndi kumalire a Zambia ku Cassacatiza ankafola mzere wautali kudikira nthawi yawo, mpaka mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014 n'kuwapepuza. Amenewo anali ndi katundu wa ndalama zambiri kuposa dengu lako la tomato, koma ankadikira.

Mwaiwala kale Januwale wa 2022? Namondwe Ana atagwa, mtsinje wa Revúbuè unadzaza n'kuthyola mlatho wa konkire wolumikiza Tete ndi Moatize. Masiku omwewo galimoto imene munali mkulu wa boma la Tete inakokoloka ndi madzi, mkuluyo n'kutisiya, chigawo chonse cha Tete chinalira. Ngati mtsinje unathyola konkire, ngati sunaope galimoto ya boma, udzaopa iwe ndi njinga yako pa chitsulo chopanda zikhomo? Tsoka silinunkha, ana anga, koma ili lokha limachita kukuimbirani kherere, kukukwezerani mbendera yofiira, kukumangirani chingwe, inu n'kumalitsatirabe.

A nyakwawa ndi mafumu athu, nkhaniyi ndaitula kwa inu poyera. Wodumpha chingwe aitanidwe kubwalo ngati mmene timaitanira wotentha tchire, pakuti saika pangozi moyo wake wokha. Woyendetsa batelau akabweza injini mwadzidzidzi kuti apulumutse wopusa mmodzi, waya amalandira mphamvu imene sanaikonzekere, ndipo amene ali pafupi ndi wayayo ndi amisiri ndi anthu osalakwa amene anamvera n'kuima. Atsogoleri a anyamata a njinga, mumadziwana nonse ndi mayina. Mnzanu uja wa Lachisanu mulangeni nokha asanatipatse maliro.

Lachiwiri likubwerali ndidzakhala pansi pa mtengo wa bwemba uja pafupi ndi chingwe kuyambira mbandakucha, ndi mpando wanga ndi ndodo yanga. Ambiri a inu ndinakuonani muli kumsana, makolo anu ndimadya nawo mbale imodzi. Amene adzagwire chingwe chija kherere atalira, ndidzamuitana ndi dzina la bambo ake pamaso pa anthu onse, ndipo madzulo ake ndidzafika kwawo.